A Daka Ankasenza Msewu

Ku Nyimba kuno aliyense ali ndi chimene amasenza. Amayi amasenza nthochi, anyamata amasenza matumba a makala, ena amangosenza mabodza kuchokera kumsika kupita nawo kutchalitchi. Koma a Bonaventure Daka ankasenza msewu. M'mawa uliwonse ankatuluka m'nyumba yawo kumunsi, pafupi ndi dambo, atapingasa nsungwi yaitali pamapewa, n'kukwera nayo mtunda wonse mpaka kudzafika pa msewu waukulu wa tala, pomwe ine ndimakonzera njinga pansi pa mtengo wa mango. Nsungwiyo inali yopakidwa penti yofiira ndi yoyera, ndipo kutalika kwake, malinga ndi eni akewo, ndiko kunali kukula kwa msewu wathu wa Kudambo.

"Patukani! Patukani, mseu upite!" Ankakuwa choncho njira yonse, ndipo ife sitinkafunikanso tambala.

Iwo ankati komboni yathu itangoyamba, anthu oyamba kumanga anapangana kuti njira yapakati ikhale yoti ngolo ziwiri zizipatukirana, ng'ombe osagundana nyanga. Tsiku lomwelo a Daka anakadula nsungwi kudambo n'kuiyeza pamaso pa onse. Tsoka lake, amene analipo pa panganolo ena anamwalira, ena anasamuka, mboni yotsala inali nsungwiyo basi. Anthu oipa mtima ankanong'ona kuti poyamba inali yothyolera mango, zamsewuzi zinadza pambuyo. Ukawafunsa a Daka chimene ankadzivutitsira chonchi, yankho linali limodzi chaka ndi chaka.

"Ine n'nangena muno pa ngolo, mkazi wanga pambali, mipando na mbuzi kumbuyo. Siku yochoka nizachoka pa motoka, kuchokela pakhomo panga. Mseu uyu nausungila ulendo wanga."

Ntchito yawo yeniyeni inali yojambula. Sitolo, chigayo, malo ometera, bala, chilichonse chokhala ndi khoma m'dera lathu chinadutsa m'manja mwawo. Ine ndinkawakonda, koma bodza sindinena: mikango yawo inali mbuzi. Mwini butchala wina anawapempha mkango wolusa kuti anthu azidziwa kuti pamenepo pali nyama yamphamvu. Atamaliza, mwini wake anaima n'kupendeketsa mutu.

"A Daka, iyi ni mbuzi."

"Ni nkhalamu."

"Nanga ndevu izi?"

"Imwe nkhalamu munaionapo?"

"Iyayi."

"Ndiye khalani zii. Ine n'naiona ku Luembe. Inali na njala."

Nkhope za anthu nazonso zinali ndi vuto lake. Mitu yonse imene anajambula pa malo ometera inali ndi makutu a a Daka, otambalala ngati masamba a mpiru. Pa saluni ya amayi anajambulapo mkwati ndi mkwatibwi, ndipo onse awiri anali a Daka, wina atavala velo. Mwini saluniyo analira, koma makasitomala anachuluka chifukwa aliyense ankafuna kudzaona ukwatiwo.

Tsono ulendo wam'mawa uja ndiwo unali chionetsero. Nsungwi ikamabwera, wapanjinga ankagoneka mutu pa handulo n'kudutsa pansi pake. Amayi osenza ndowa ankapinda mawondo. Ngakhale abusa ankawerama, Baibulo lili m'khwapa. Tinkati kumeneko ndi kugwadira msewu, ndipo palibe ankakwiya, unali ngati moni wam'mawa.

"Mseu wauka bwanji, a Daka?"

"Wauka bwino, mwana wanga. Koma penapake waonda pang'ono."

Kuonda kwenikweni kunayamba ndi amai Febby Mumba, mayi wapakamwa pakuthwa amene ankagulitsa tomato ndi mafuta oyeza m'timabotolo. Anatopa ndi kusenzera katundu kumsika, ndiye anakhomera kantemba, kasitolo kakang'ono ka matabwa, kutsogolo kwa nyumba yawo, pakamwa penipeni pa msewu. M'mawa mwake a Daka akubwera ndi nyimbo yawo ija, tinangomva kuti khu! Nsonga ya nsungwi inagunda thabwa, iwo anazungulira theka n'kukhala pansi m'fumbi.

"Amai Febby, n'chinji ichi?"

"Ni kantemba. Maso mwasiya kunyumba?"

"Kali mu mseu."

"Aa imwe, kaphazi kamozi chabe! Mseu wonse uyu mufuna kupitishamo ndeke?"

"Lelo kaphazi, mailo mwendo."

"Za mailo tizaona mailo. Ana anga afuna kudya lelo."

Wina aliyense akanangopendeketsa nsungwi n'kudutsa. A Daka anakana. Ankati msewu supendeka. Kwa masiku angapo ankafika pamenepo, kugunda, kukangana mpaka mawu kusasa, n'kubwerera kwawo osafika pa tala. Amai Febby ankangowayankha uku akupanga milu ya tomato. Pamapeto pake a Daka anabwera kwa ine kudzabwereka sowo. Anayeza pamene kantemba kanadya, n'kudula nsungwi yawo pomwepo, misozi ili lengelenge.

Chidutswacho anapita nacho kunyumba. Anachipala, n'kuchijambula maluwa, timbalame ndi titomato tofiira tating'ono ngati nthanga za mapira. Lamlungu anthu akuchokera kutchalitchi, anavala jekete, anapita pa kantemba paja, n'kugwada bondo limodzi pamaso pa khamu lonse, chidutswa chili m'manja awiri.

"Amai Febby, landilani gawo lanu la mseu. Mwadya nyama, lomba sungani fupa."

Iwo ankaganiza kuti mayiyo agona ndi njala chifukwa cha manyazi. Amai Febby anachitembenuza uku ndi uku, maso n'kuwala.

"Mayo ine, kawama! A Daka, kansi manja muli nao!"

Anakhoma msomali pamwamba pa tomato n'kuchipachika pomwepo. Kenaka anawapempha kuti awapentere kantemba konse kuti kafanane ndi chidutswacho, ndipo a Daka anapenta. Nditawafunsa chifukwa chake akukongoletsa mdani wawo, anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Chinthu chikakhala pamalo poipa, chisakhale soti choipa nkhope. Tauni izaoneka bwanji?"

Apa ndiyenera kunena chinthu chimodzi. Mikango yawo inali mbuzi, inde, koma zidutswa za nsungwi zija zinali zokongola zedi. Sindikudziwa ngati unali mkwiyo umene unkawongola dzanja lawo, koma mbalame za pamenepo zinkaoneka ngati ziuluka ukangotsokomola. Ndipo kukongolako ndiko kunawononga zonse.

Wotsatira anali a Whiteson Mwanza, wapampando wa komiti yachitukuko ya komboni yathu, munthu amene sankamaliza chiganizo popanda mawu oti pulani. Tsiku lina anaitanitsa msonkhano m'kalasi ya pasukulu kuti tikambirane za tsogolo la dera. A Daka anabwera ndi nsungwi yawo pamapewa ndi thabwa lalikulu m'manja. Pakhomo la kalasi nsungwi inakana kulowa. Tinawauza kuti ailowetse cham'litali, iwo anati msewu sulowa m'nyumba ndi mutu. Ndiye anakaima panja, n'kumalankhulira pawindo, thabwa lija atalilowetsa mkati.

Pathabwapo anali atajambulapo Nyimba wam'tsogolo. Panali msewu wathu wa Kudambo wotambalala, mitengo mbali zonse, ngalande ya madzi amvula, mabenchi okhalapo okalamba, ndiponso bwalo la ng'oma ndi zisudzo kumunsi kwake. Pakati pa bwalolo panaima chipilala cha mkango. Kunena zoona chinali chinthu chabwino kuchiyang'ana. Kenaka wina kumbuyo anafunsa kuti nanga mbuzi ikufuna chiyani pakati pa tauni, ndipo tinaseka mpaka madesiki kugwedezeka.

"Maganizo abwino ngako, a Daka," anatero a Whiteson akupukuta misozi. "Tizawaika mu pulani."

Tinawaombera m'manja, tinawasankha kukhala mkulu woona zokongoletsa dera, udindo umene unalibe ntchito iliyonse, n'kutseka msonkhano ndi pemphero. Mwezi usanathe, njerwa zinatsitsidwa pakhomo pa a Whiteson. Mpanda wawo unatuluka n'kudzaima m'msewu ngati mimba ya munthu wokhuta.

"A Mwanza, pulani ija ni iyi?"

"Ni chitukuko, a Daka. Ku Lusaka nyumba zonse zili na mipanda."

"Nanga ku Lusaka ayenda pa malata?"

Anakangana, anagunda mpandawo m'mawa uliwonse, anagonja, ndipo anabweranso kwa ine kudzabwereka sowo. Chidutswa cha a Whiteson chinali chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Anachijambula mzere wa nkhanga, iliyonse ndi madontho ake. A Whiteson anachilandira ndi mawu othokoza ataliatali, n'kukachipachika pabalaza pamwamba pa wailesi yakanema. Mlendo aliyense ankayamba waonetsedwa nkhangazo asanapatsidwe madzi. Mpanda uja nawo a Daka anaupenta, n'kujambulapo mkango waukulu kuposa yonse imene anajambulapo.

Zimene zinachitika pambuyo pake ndimachita manyazi kuzifotokoza kwa anthu a kwina. Chidutswa cha a Daka chinasanduka ulemu. Munthu wopanda chidutswa ankaoneka ngati sanafike m'tauni. Amayi kuchigayo ankafunsana kuti chanu chili ndi mbalame zanji. A Cosmas, wowotcherera zitsulo, munthu wofatsa amene analibe mlandu ndi msewu, anazula mpanda wake wamabango n'kuusunthira kutsogolo popanda choikamo, kungoti akazi awo anawasowetsa tulo chifukwa anansi onse anali nazo. A Daka atabwera kudzagunda, a Cosmas anawalandira ndi mpando.

"Pepani, a Daka, nalakwa. Koma changa muikepo nsomba. Amai kunyumba akonda nsomba."

Mpingo wina umene uli moyang'anizana ndi a Whiteson unamanga chimbudzi chanjerwa, nachonso n'kutulukira mumsewu. Chidutswa chawo, cha nkhunda zoyera, akulu ampingo anachilandirira kuguwa, amayi akuliza nthungululu. Ine ndinalibe puloti, malo anga ndi mthunzi wa mango basi, ndiye sindinalandirepo kanthu, ndipo ndinkachita nsanje ngati mwana womanidwa chitumbuwa.

A Daka okha ndiwo sankaona zimene zinkachitika. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu aliyense akagona, chidutswa chija chimamuyang'ana n'kumudya mumtima.

"A Daka," ndinawauza tsiku lina, "anthu awa samva manyazi. Akondwela chabe."

"Yembekeza, iwe. Manyazi yabwela. Yakwela njinga yopanda mpweya, ndiye yachedwa, koma siyafela mu njila."

Zaka zinapita, nsungwi ikufupika. Ngolo zinaleka kupatukirana, kenaka zinalekeratu kulowa. Lole imene inkatsikira kudambo kukatenga nthochi inayamba kuima pa tala, amayi n'kumakwera nazo mtunda pamutu. Madzi amvula atasowa njira anayamba kulowa m'nyumba za anthu ngati abale. Mayi wina atayamba kumva zowawa za uchembere, tinamukweza pa wilibala mpaka pa tala, ndipo mwanayo anthu amamutchula Wilibala mpaka lero. Zonsezi tinkaziona, tinkaseka, n'kumati ndi mmene tauni imakhalira.

Pofika zaka zawo zomaliza, nsungwi ija inali itatsala ngati ndodo yoyendera. Koma sanaigwirepo ngati ndodo. Ankaipingasabe kumbuyo kwa khosi, manja atakolowekapo, akukwera mtunda pang'onopang'ono ndi kupuma pamwala uliwonse. Panalibenso chifukwa choweramira, koma ife akalekale tinkaweramabe tikakumana nawo kuti tiwasangalatse. Mawu aja oti patukani anali atatsala ochepa, mpaka nkhuku zinaleka kuthawa.

Anali ndi mwana mmodzi, Hellen, mphunzitsi ku Petauke. Akazi awo anali atamwalira kale. Hellen ankabwera kawirikawiri, galimoto n'kumusiya pansi pa mango wanga chifukwa kupitirira apo kunalibe kolowa. Tsiku lina akuperekezana, anadzaima pafupi ndi ine, ndipo ndinamva zonse.

"Atata, tiyeni ku Petauke. Chipinda chilipo, chipatala chili pafupi. Kuno mukhalila chani?"

"Nikachoka, mseu usala na ndani?"

"Mseu uti, atata? Iyi ni njila ya makoswe."

"Ukali mseu. Wadwala chabe." A Daka anamugwira dzanja. "Siku yozanitenga, ubwele na motoka mpaka pakhomo. Osati pa tala. Pakhomo."

"Nizabwela nayo, atata," anatero Hellen, monga mmene timayankhira okalamba kuti nkhani ithe.

A Daka anamwalira m'nyengo yozizira. M'mawa wina ndinapopa matayala, ndinamata chubu, dzuwa linakwera, koma ndinkangomva kuti tsikulo silinayambe. Amai Febby ndiwo anatulutsa mutu pa kantemba n'kundifunsa ngati msewu wadutsa. Titatsikira kumunsi tinawapeza atakhala pakhonde, atatsamira khoma, chitini cha maburashi pambali, kansungwi kali pamiyendo.

Hellen anabwera ndi kanta, lole yaing'ono, yodzaza anthu a ku Petauke: apongozi ake, aphunzitsi anzake, ndi kwaya yovala yunifolomu yoyera. Dalaivala anakhotera mumsewu wa Kudambo, anayenda kutalika kwa galimoto yake yomweyo, n'kuima pa kantemba ka amai Febby. Anatsika, anayang'ana kutsogolo, n'kufunsa ngati pali njira ina. Tinati palibe. Bokosi lamaliro lopanda kanthu analilowetsa amuna awiri atalipendeketsa chammbali, ndipo palibe anaganizapo kanthu.

Tsiku loika maliro anthu anadzaza, pakuti panalibe khomo limene a Daka sanalipentepo kapena kuligunda. Mapemphero atatha, adzukulu ananyamula bokosi pamapewa, ena mbali iyi, ena mbali iyo, kwaya n'kuyambitsa nyimbo kumbuyo. Tinakwera mtunda bwinobwino mpaka tinafika pakati pa mpanda wa a Whiteson ndi chimbudzi cha mpingo. Pamenepo ulendo unaima. Bokosi lokha likanadutsa, koma bokosi ndi onyamula ake ayi. Anabwerera m'mbuyo, anayesanso atapanikizana, mapewa n'kukhula njerwa, koma zinakanika. Akwaya kumbuyo sankadziwa chimene chachitika, ndiye anangobwereza ndime yomweyo, n'kuibwerezanso, mpaka inazilala yokha.

"Tilipendeke chabe, monga mwamene linangenela," anatero wina.

"Tilipitishe pamwamba pa mpanda."

"Iyayi, tibwelele, tizungulile kudambo, mu nthochi."

Pamaliropo panali a Davies Mulenga, mphunzitsi wachibemba amene wakhala nafe zaka zambiri. Mukudziwa kuti Abemba ndi ife a kum'mawa timachitirana chimbuya: pamaliro amatipaka ufa kumaso, amatinyoza mmene angafunire, ife n'kubwezera, ndipo chisoni chimapepuka. Kuyambira m'mawa a Davies anali akutisereula, theka la ife tili mbuu ndi ufa wawo. Ataona bokosi laima, anakwera pamwala.

"Imwe bakumawa! Mbeba mwadya zambili, manje mwayamba kumanga monga mbeba! Muntu azapita bwanji mu mwina wa mbeba? Kumbani pansi, mumupitishe mwamene mupitila imwe!"

Pamaliro ena onse wina akanawabwezera za nyama ya anyani imene amadya kwawo, ndipo tikanaseka. Tsiku limenelo palibe anatsegula pakamwa. A Davies anayang'ana uku ndi uku kufuna wowayankha, anaona nkhope zathu, n'kutsika pamwala paja mwakachetechete.

Hellen anadutsa pakati pa anthu n'kudzaima kutsogolo kwa bokosi. Sankalira. Anali atagwira kansungwi ka bambo ake.

"Atata anga sapendeka," anatero. "Moyo wao wonse sanapendekepo nsungwi iyi. Pamwamba pa mpanda sapita, si akawalala. Ikani pansi."

Anabweretsa mabenchi awiri a m'tchalitchi, bokosi n'kuikidwa pamenepo, m'kanjira, dzuwa likuswa mtengo, fungo la chimbudzi likutizungulira. Pakhoma, pamwamba penipeni pa bokosi, mkango wa a Daka unkatiyang'ana ndi ndevu zake. Alendo a ku Petauke anangoima mwaulemu. Ena ankayang'ana kumwamba, ena ankawerenga m'mabuku awo a nyimbo, ndipo ulemu wawowo unkapweteka kuposa kutukwana. Ine ndinakulira m'tauni muno, ndakalambira muno, koma tsiku limenelo wina akanandifunsa kwathu ndikanatchula kwina. Njinga yopanda mpweya ija inali itafika.

Woyamba kusuntha anali amai Febby. Anadzipanikiza pakati pa khoma ndi bokosi, anakwera mtunda, ndipo posakhalitsa anabwerera atanyamula chidutswa chawo, chakuda ndi utsi, titomato tikuonekabe. Anagwada bondo limodzi, monga anachitira a Daka tsiku lija, n'kuchiika pamwamba pa bokosi ndi manja awiri.

"Nabweza, a Daka," anatero, ndipo mayi amene sindinamuonepo akusowa mawu analira ngati mwana.

Kenaka anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, mitu ili pansi, n'kumabwerera aliyense ndi chake. A Cosmas anabwera ndi nsomba zawo. Akulu ampingo anakatsitsa nkhunda kuguwa. Zinabwera za agulugufe, za mpendadzuwa, za nthochi, zina zimene sindinkadziwa n'komwe kuti zilipo, mpaka bokosi linakwiririka. Omaliza anali a Whiteson. Anatuluka pageti lawo, nkhanga zili m'dzanja limodzi, hamala yaikulu m'dzanja lina. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo sanatchule pulani. Anavula jekete, anapempha adzukulu kuti abweze bokosi m'mbuyo pang'ono, n'kumenya mpanda wawo. Mutu wa mkango ndiwo unayamba kugwa.

Amuna ena anathandiza, akulu ampingo nawo anagumula ngodya ya chimbudzi chawo. Fumbi litatsika, adzukulu ananyamulanso, ndipo a Daka anadutsa ali chowongoka, onyamula ali mbali zonse ziwiri. Kwaya inayambiranso. Koma kanta inali idakali kumtunda pa tala, ndipo anakafika kumeneko pamapewa a anthu. Pamene ankawakweza, ndinamva Hellen akulankhula yekha, osati kwa ife.

"N'nawauza kuti nizabwela nayo pakhomo."

Kumanda, adzukulu anafunsa chochita ndi zidutswa zija. Palibe anafuna kutenganso chake. A Davies, ufa udakali m'manja, anayamba kuziyala pansi m'mbali mwa dzenje, china kulumikiza ku chinzake, ndipo Hellen anaika kansungwi kaja kumapeto. Tinaima n'kumayang'ana. Zinatalika kupitirira manda a a Daka, kupitirira a akazi awo, mpaka kukalowa m'udzu. Tinali titaiwala kuti tinali ndi msewu waukulu chonchi, woti ngolo ziwiri n'kupatukiranadi. Kenaka adzukulu anazitola, anaziika pamwamba pa bokosi, n'kukwirira zonse pamodzi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti titabwerako kumanda tinagumula mipanda yonse. Ayi ndithu. Komiti inakumana, inagwirizana kuti njirayo izitchedwa dzina la a Daka, ndipo inalembetsa chikwangwani chabwino cha zilembo zowongoka. Posowa poti achiike, anakumba dzenje n'kudzika mtengo wake m'njira momwemo. Tsopano wa wilibala amayenera kuchizemba.

A Whiteson sanamangenso pamene anagumula paja, komanso sanachotse njerwa zake. Zili pomwepo, ndipo ukayang'anitsitsa umaona diso la mkango pa njerwa ina, ndevu pa ina. Pa kantemba ka amai Febby msomali udakalipo, sapachikapo kanthu. Makoma atsopano akupentedwa ndi anyamata odziwa ntchito, mikango yawo ndi mikango yeniyeni, ndipo palibe amaima kuiyang'ana. M'mawa kuno kumacha mwakachetechete. Nthawi zina ndimapezeka ndaimitsa pampu, khutu lili kumunsi, kudikira mawu amene sakubwera.

Chinthu chimodzi chokha chinatsala. Ife akalekale tikafika pogumuka paja timawerama, wapanjinga n'kugoneka mutu pa handulo, amayi n'kupinda mawondo, pamwamba popanda chilichonse. Mwezi watha mlendo wina wochokera ku Lusaka anakhala pabenchi langa akudikira basi, ndipo anaona anthu akuchita zimenezi mmodzi pambuyo pa mnzake.

"Koma anthu a kuno muli na ulemu," anatero. "Mugwadila ndani paja?"

Ndinamuuza kuti pankadutsa msewu. Anayang'ana kanjirako, anandiyang'ana ine, n'kuseka, poganiza kuti ndikucheza. Ine ndinaweramira tayala limene ndinkakonza, ndipo sindinadzutse mutu mpaka basi yake inanyamuka.